Ofuna udokotala wa zamakompyuta ayambire pa windo pomwe amati "sisitimu yagwa"

Mwana wa mchemwali wanga anandiimbira foni usiku wina mwezi wathawu. Wagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina mu Blantyre kwa zaka 9, digiri yachiwiri ali nayo kale, ndipo tsopano mtima wake uli pa digiri ya udokotala, ija timangoti PhD, pa kayendetsedwe ka ntchito za makompyuta ndi luso latsopano. "Amalume, mukuona bwanji?" Ndinamufunsa chimene akufuna kukafufuza. Anati mutu sanaupeze, koma akuganiza kuti ukhale wokhudza AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu) kapena blockchain (kaundula wa pa intaneti wovuta kufufuta), poti ndi zimene aliyense akukamba masiku ano. Ndinamuuza kuti ayambe wadekha, fomu ya sukulu isafulumire kuposa funso.

Sindinamuletse ayi. Ine ndili m'gulu la anthu okhulupirira kuti Malawi akusowa kwambiri anthu ophunzira mozama pa nkhani imeneyi. Chimene ndikukana n'chakuti munthu ataye zaka zinayi kapena zisanu za moyo wake, ndalama za banja ndi tulo, pofufuza funso lobwereka kwa eni ake kutsidya kwa nyanja, pomwe mafunso athu ali mbwee pakhomo, osawatola ndi mmodzi yemwe.

Ambiri akamva za udokotala wa zamakompyuta amaganiza za munthu wodziwa kulemba mapulogalamu kuposa anzake onse. Phunziro limene mnyamatayu akufuna ndi lina. Limafunsa za amene anaganiza zogula sisitimu, chifukwa chimene anasankhira imeneyo, zimene zinalembedwa mu kontirakiti, amene amasunga mapasiwedi akuluakulu, amene adzalipire laisensi chaka chamawa, ndi zimene kalaliki wa pa windo amachita netiweki ikathawa. Ndi phunziro la anthu, ndalama ndi ulamuliro, makina akungobwera pambuyo. Ndipo mukayang'ana bwino mavuto aakulu amene tawaona m'dziko muno pa nkhani ya makompyuta, pafupifupi onse anayambira pamenepo.

Palibe Mmalawi wamkulu amene sanabwezedwepo ndi mawu akuti "sisitimu yagwa, bwerani mawa." Mayi wachoka ku Ntchisi m'bandakucha, walipira kabaza ndi minibasi, wafika pa windo n'kuuzidwa zimenezo. Iye amabwerera akuganiza kuti kompyuta ndi chinthu chokhala ngati mvula, chimabwera ndi kupita mwa chifuniro chake. Koma kuseri kwa mawu amenewo nthawi zonse kumakhala chosankha cha munthu. Wina sanaike ndalama ya mafuta a jenereta mu bajeti. Wina anasaina mgwirizano wosanena kuti kampani ikamachoka isiye chiyani. Wina anaphunzitsa anthu awiri okha, ndipo onse awiri anapeza ntchito ku bungwe lolipira bwino.

Tikumbuke za mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inaleka kusindikiza ziphaso zoyendera kwa masabata angapo. Mu February chaka chimenecho pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analanda sisitimu ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Zimenezi zinachitika patapita zaka ziwiri boma litathetsa, mu December 2021, kontirakiti ndi kampani ya Techno Brain imene inkayendetsa ntchitoyo. Amene anali ndi mlandu si nkhani yanga lero. Funso limene likundisowetsa mtendere ndi ili: boma likasiyana ndi kampani imene inamanga sisitimu yofunika chotere, kodi kusiyirana kumayenda bwanji? Makiyi amaperekedwa kwa yani, mwa dongosolo lotani, ndipo ndani amatsimikiza kuti ogwira ntchito m'boma angathe kuiyendetsa okha? Odwala amene amafuna kupita kunja kukalandira chithandizo, ophunzira amene anapeza malo ku mayunivesite akunja, achinyamata amene anapeza ntchito, onsewo anadikira chifukwa cha mafunso amenewa. Apa pali PhD yathunthu, mwinanso zitatu.

Zaka khumi m'mbuyo mwake tinaona Cashgate. Mu 2013 kunadziwika kuti ndalama zaboma zinkalipiridwa kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense, kudzera mu IFMIS, sisitimu yoyendetsera ndalama zaboma yomwe inabwera n'cholinga choti ndalama zisamabedwe. Malipiro ankalowetsedwa, cheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inafufuza n'kupeza kuti mabiliyoni a kwacha anasowa m'miyezi yochepa chabe, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti. Pulogalamuyo inkachita zimene inauzidwa. Chimene chinafooka ndi ulamuliro: ndani ali ndi mphamvu yolowetsa, ndani wovomereza, ndani wofufuta, ndipo ndani amayang'anira oyang'anirawo. Pambuyo pake boma linagula IFMIS yatsopano. Ndikadakonda kuwerenga kafukufuku wa Mmalawi, wochitidwa modekha kwa zaka zitatu, wotiuza ngati makhalidwe a m'maofesi anasintha pamodzi ndi pulogalamuyo, kapena tinangosintha loko chitseko chili chomwecho.

Za AIP, pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, sindichulukitsa, alimi akuzidziwa kuposa ine. Kuyambira 2020 feteleza wotsika mtengo ankagulidwa poonetsa chiphaso cha unzika, ndipo anthu agonapo pa madepoti kudikira netiweki. Chiphasocho pachokha ndi ntchito yonyaditsa: mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsedwa m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Chinthu chimodzi chinatheka bwino, china chodalira chomwecho chinavuta. Chifukwa chiyani? Yankho lake lilipo, koma lili m'mitu ya anthu amene anagwira ntchitozo ndi m'malipoti a alangizi olipidwa amene ali m'makabati. Anthuwo akapuma ntchito, nzeruyo imapita nawo kumudzi.

Ntchito ya dokotala wa maphunziro ndi imeneyo: kutenga chinthu chimene anthu amangochidziwa mwapatalipatali, kuchifufuza mwa dongosolo, kuchiyesa ndi umboni, n'kuchilemba moti wina wobwera m'mbuyo asadzagwe m'dzenje lomwelo.

Kuti zimenezi n'zotheka, umboni uli kwathu konkuno. Mu 2001, m'chipatala chachikulu cha Lilongwe chimene lero timati Kamuzu Central, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta olembera odwala. Gerry Douglas, amene analiyambitsa, ndi anzake sanayambe ndi funso lakuti ndi makina ati amakono kwambiri. Anayamba ndi kuyang'ana wogwira ntchito amene sanagwirepo kompyuta, ali ndi mzere wa odwala wofika panja, magetsi akuzimazima. Ndiye anatenga timakompyuta totsika mtengo n'kutisintha kuti tizigwira ntchito pongokhudza galasi ndi chala, popanda kiyibodi. Anasankha makina osadya magetsi ambiri, otha kuyendera mabatire. Anaganiza zosindikiza kapepala komata ka barcode pa kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amakhala nako kale, m'malo momupatsa khadi lina loti akataye. Nzeru imeneyi inafalikira ku zipatala zopereka ma ARV m'dziko muno. Ndipo Douglas anatenga ntchito yomweyo n'kulembera digiri yake ya udokotala ku University of Pittsburgh ku America. Taonani ndondomeko yake: vuto linayamba, ntchito inatsatira, digiri inabwera ngati chipatso cha ziwirizo.

Chitsanzo china ndi DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala za m'maboma onse. Mtundu wake woyamba unayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 tsankho litangotha, mogwirizana ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko oposa 70. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti inakula limodzi ndi ophunzira a PhD ochokera ku Africa ndi Asia, Amalawi ali momwemo, amene kafukufuku wawo anali kugwira ntchito yeniyeni ndi maunduna a kwawo, kuona chimene chikukanika, kuchikonza, n'kulemba zimene aphunzirapo. Ku Oslo ankapita kukanola maganizo, koma munda wawo unali ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Udokotala wotere suthawitsa munthu kwawo chifukwa mizu ya funso lake ili komweko.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Dziko limene sukulu zambiri zilibe magetsi, lomwe mphepo yamkuntho yotchedwa Ana itaononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu January 2022 tinakhala miyezi yambiri mumdima wosinthanasinthana, likufunika amisiri okoka mawaya ndi okonza makina, osati madokotala a mapepala. Pali choonadi pamenepo. Pa dokotala mmodzi timafunika amisiri mazana. Koma amisiri tili nawo ndithu, ndipo ndi akhama. Ndawaonapo akutsitsimutsa seva yakale ndi zipangizo zomasula ku makina ena akufa. Chimene chimawagwetsa ulesi ndi zosankha zochokera pamwamba, zopangidwa ndi anthu amene sadziwa kufunsa wogulitsa mafunso oyenera. Kampani yakunja ikabwera ndi akatswiri ake, maloya ake ndi zithunzi zokongola pa khoma, mbali yathu ya tebulo pamafunika munthu amene anawerenga mmene ntchito zotere zinagwera ku Kenya, ku India kapena ku Britain, wotha kunena kuti ndime iyi ya kontirakiti idzatimanga manja pakatha zaka zisanu. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo sisitimu imene mwini wake weniweni ali kunja ndi nkhwangwa yotero.

Palinso chifukwa china. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, sukulu za udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Tikaonjezapo MUST ku Thyolo, Mzuni, LUANAR ndi mayunivesite omwe si aboma, ophunzira a digiri yachiwiri pa zamakompyuta achuluka, koma owayang'anira pa kafukufuku ndi ochepa. Mphunzitsi mmodzi amasenza ophunzira ambiri moti chaputala chimatha miyezi chili pa desiki. Popanda madokotala atsopano, mzere umenewu sudzafupika.

Tsopano ndinene chimene chimandiwawa. Dzina lakuti "Dokotala" tinalikonda mopyola muyeso. Pa ukwati, pa maliro, ngakhale pa msonkhano wa mpingo, wotsogolera mwambo akaiwala kutchula "Dr" nkhope imagwa. Njala ya dzina imeneyi yatsegulira msika anthu ogulitsa madigiri pa intaneti: ulipire madola, utumize zolemba zimene palibe amene aziwerenge, pakatha chaka uvale mkanjo mu hotelo. Ena amalandira udokotala waulemu kuchokera ku mabungwe osadziwika n'kuyamba kuulemba pa khadi ngati anaukhetsera thukuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene akufunadi kuphunzira ayambe wafunsa ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka, ndipo ngati ili kunja afufuze ngati dziko lakwawo limaizindikira. Achenjerenso ndi magazini a kafukufuku amene amavomera nkhani iliyonse m'masiku atatu bola walipira. Dzina likatuluka m'magazini otero limadetsedwa, ndipo odziwa amaona.

Koma ngakhale m'sukulu zenizeni muli msampha wina wofatsa. Pali chiphunzitso chotchuka chimene Fred Davis anafalitsa mu 1989, chonena kuti munthu amalandira luso latsopano akaona kuti n'lothandiza komanso losavuta kugwiritsa ntchito. N'chiphunzitso chabwino, koma chasanduka pothawira. Wophunzira amatenga mafunso okonzedwa kale, n'kusintha dzina la dziko, n'kugawira anthu a m'tauni amene ali ndi mafoni amakono, n'kupeza kuti Amalawi amakonda Airtel Money ndi Mpamba chifukwa n'zothandiza ndiponso n'zosavuta. Zimenezo mayi wogulitsa tomato ku Lizulu akadatiuza kwaulere. Funso lofuna dokotala ndi lakuti n'chifukwa chiyani ejenti wa kumudzi amakhala alibe ndalama yokwanira tsiku limene anthu alandira mtukula pakhomo, ndani amasenza chiopsezo pamenepo, ndipo dongosolo lingakonzedwe bwanji. Kuti uyankhe limeneli uyenera kukhala pa benchi ya ejenti masabata ambiri, fumbi likukuta nsapato.

Mawu akuti luso latsopano nawonso tawatopetsa. Timawamva pa mipikisano ya achinyamata, pomwe wopambana amalandira cheke chachikulu cha katoni, kujambulidwa, basi. Timawamva pa ntchito zoyeserera za mabungwe: matabuleti agawidwa m'maboma awiri, lipoti lalembedwa, thandizo latha, matabuleti ali m'kabati ya alangizi a zaumoyo (a HSA) mabatire atafufuma. Pamene America inaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja mu January 2025, mayiko ambiri a mu Africa anadzidzimuka ndi funso limene linayenera kufunsidwa kalekale: ma seva ndi akatswiri a masisitimu a zaumoyo amalipidwa ndi yani, ndipo wolipirayo akachoka zitha bwanji? Kuyambitsa chinthu chatsopano sikutivuta. Chimene sitinachiphunzire ndi kuchilera mpaka chikule, chilowe mu bajeti ya boma, chikhale ndi mwini. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba zambiri za luso lamakono, koma sadzakwaniritsidwa ndi zoyeserera zofera m'khola. Wophunzira amene angatsate ntchito khumi zotere, n'kutiuza chimene chinapha zisanu ndi zitatu ndi chimene chinasunga ziwiri, adzakhala watipatsa chuma.

Walira mvula walira matope, choncho mtengo wake tiunene poyera. PhD ya nthawi zonse imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Wophunzira akugwira ntchito amatha zisanu, zisanu ndi chimodzi, ena osamaliza n'komwe. Fizi ya sukulu zakunja imalipiridwa mu madola, mapaundi kapena marandi, ndipo amene anayamba maphunziro 2023 isanafike akudziwa chimene chinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November chaka chimenecho: bajeti ya zaka zinayi inasungunuka usiku umodzi, ndalama zakunjazo n'kumasowanso ku banki. Kunyumba nako kuli ana ofuna fizi, makolo odwala, maliro osati n'kujomba. Kwa amayi katundu amachuluka kawiri, chifukwa ambiri akaweruka ku ntchito amakapeza ntchito ina ikudikira, ndipo buku limatsegulidwa ena onse atagona. Banja limene silinakhale pansi n'kugwirizana za zaka zimenezi limadzakangana pakati pa ulendo. Ndiponso munthu asayembekeze kuti malipiro adzakwera tsiku lovala mkanjo. Kunja kwa yunivesite, mabwana ambiri salipira dzina.

Pa funso lakuti kuno kapena kunja, ine ndimati yang'anani munthu musanayang'ane nyumba. Woyang'anira kafukufuku ndiye theka la digiri. Werengani zimene analemba, funsani ophunzira ake akale ngati amayankha makalata, ngati amawerengadi machaputala, ngati ophunzira ake amamaliza. Yunivesite ya dzina lalikulu yokhala ndi woyang'anira wosapezeka ndi chipululu. Amene mtima wake uli pa utsogoleri wa kampani osati pa uphunzitsi aganizirenso za DBA, udokotala wolunjika pa mavuto a pa ntchito, bola ukhale wa sukulu yovomerezeka. Ndipo njira imene ndimaikonda ndi ija yogawa nthawi: miyezi ina ku yunivesite yakunja komwe kuli mabuku ndi anzako okutsutsa, miyezi yambiri kuno komwe kuli funso.

Mbali yotsala ndi ya boma ndi makampani, ndipo apa ndikupempha ndi mtima wonse. Wophunzira angakhale ndi funso labwino chotani, akapeza zitseko zotseka amabwerera ku mafunso obwereka aja. Ndinaperekezapo mnzanga wina amene ankafufuza za sisitimu ya ofesi ina yaboma. Kalata yopempha chilolezo inayenda miyezi isanu ndi iwiri kuchoka pa desiki kupita pa desiki, aliyense akuopa kusaina, mpaka anasintha mutu wa kafukufuku. Anthu a m'maofesi amaopa kuti wofufuza wabwera kudzawagwira. Chonsecho lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zaboma lilipo, linakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likuonetsa malire a zimene siziyenera kutuluka. Pakati pa malamulo awiriwa pali mpata wokwanira woti unduna uitane ophunzira, uwapatse makontirakiti akale, malipoti ndi nthawi yocheza ndi ogwira ntchito, mayina a anthu atabisidwa. Unduna uliwonse ukadalemba mafunso asanu amene akuusowetsa tulo n'kuwapereka ku MUBAS, UNIMA, MUST ndi Mzuni, ukadapeza mayankho pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene umalipira alangizi obwera pa ndege.

Naye wophunzira ali ndi ngongole. Akamaliza, buku lake la masamba mazana atatu m'Chingerezi lisangokhala pa shelefu ya laibulale. Abwerere kwa makalaliki, anamwino ndi maejenti amene anamupatsa nthawi yawo, akhale nawo pansi, awafotokozere m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao zimene wapeza, amve ngati akuvomereza. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amaona msanga pomwe wofufuza waphonya.

Mwana wa mchemwali wanga uja anaimbanso patapita masabata awiri. Anati wakhala akuganiza za pa ntchito pake pomwe. M'zaka 9 zimene wakhalapo, kampani yasintha sisitimu yosungira katundu katatu, ulendo uliwonse ndi ndalama zambiri, koma anyamata a ku sitolo amasungabe kope lawo la chikuto cholimba, ndipo pakabuka mkangano wa katundu, ngakhale abwana amaitanitsa kopelo. "Amalume, ndikufuna ndidziwe chifukwa chake anthu amakhulupirira kope kuposa kompyuta, ndipo ngati zili choncho m'makampani ena ndi m'boma." Ndinamuuza kuti alembe funsolo pa tsamba limodzi, apite nalo kwa aphunzitsi awiri kapena atatu aone amene maso ake awale, ndipo asanalipire tambala iliyonse akacheze ndi mkulu wa ku sitolo uja, amufunse kuti kopelo analiyamba liti.